Mchona Wathu wa ku Harare

Mau amene mphunzitsi wa Giredi 6 wa m'boma la Katete analankhula pa msonkhano wa aphunzitsi a cigawo cathu. Tawasindikiza monga anawanenera.

 Ine ndine mwana pakati panu, pakuti ambiri a inu munayamba kugwira coko ine ndikali kuberekedwa kumbuyo. Cifukwa cace sindidzayesa kukuphunzitsani kanthu. Alembi athu anandipempha kuti ndifotokoze za chuthi canga ca mwezi wa August 2024, pamene ndinatuluka m'dziko lathu nthawi yoyamba, ndipo ndinabvomera, cifukwa ku ulendowo ndinabwerako ndi kanthu kamene kakhudza nchito yathu tonse. Mundikhululukire poyamba ndi nkhani za pa nyumba. Popanda izo ulendowo sumveka.

Agogo anga akazi, amene anabala amai anga, ali ndi bokosi lacitsulo pansi pa kama wao. M'bokosimo muli citenje ca pa ukwati, makadi a ku cipatala, ndi makalata asanu omangidwa ndi kansanza. Agogo sadziwa kuwerenga, koma makalatawo awadziwa pamtima, pakuti mdzukulu ali yense akafika Giredi 3 anali kumkhazika pa mphasa madzulo ndi kumuuza kuti, "Tiye, undiwerengere alongo anga." Ukalumpha mzere anali kukubweza. Ndinena zoona kuti ine ndinaphunzira kuwerenga mokweza pa makalata amenewo koposa m'buku la ku sukulu. M'kalata iri yonse munali moni wa anthu a m'mudzi mmodzi mmodzi, funso la mvula ndi la ng'ombe, ndi lonjezo lakuti caka ca mawa ndirikubwera.

Olemba makalatawo anali alongo ao aakulu a agogo, amene anacoka m'mudzi m'caka ca 1957, agogo akali namwali. Inu mudziwa cimene cinali kucotsa anyamata m'midzi masiku aja. Boma linali kufuna msonkho, ndipo ndalama m'mudzi munalibe. Nthaka yabwino yambiri ya kufupi ndi Fort Jameson inali m'manja mwa Azungu olima fodya, eni dziko atapanikizidwa m'malo ocepa. Ena anapita ku migodi ya mkuwa, ena ku Joni, koma ambiri a kwathu anatsikira ku Southern Rhodesia, kumene makolo athu anali kungoti ku Halale. Inali nthawi ya Citaganya ca maiko atatu, cimene cinayamba mu 1953 ndi kutha mu 1963, ndipo boma la kumeneko linali ndi malole onyamula anchito osawalipiritsa, amene anthu anawapatsa dzina lakuti Ulere. Agogo akumbukira kuti anaperekeza alongo ao mpaka pa dambo, atawasenzera phukusi la ufa ndi nshawa zokazinga. Njira yao inali yopyola m'dziko la Apwitikizi, kuoloka Zambezi, ndi kulowera ku Mtoko.

Tsono kucoka kwao kunasiya mpata waukulu pa banja pathu. Mwa mwambo wa ife Acewa ndiwo anali eni mbumba, oyenera kuima pa maukwati, pa maliro ndi pa milandu ya alongo ao ndi ana ao. Pamene amai anga anakwatiwa, nkhoswe anacita kubwereka kwa wacibale wa patali. Pamene anthu ena analowerera dimba la agogo, panalibe mwamuna wa pfuko lathu wokanena pa bwalo. Kalata yotsiriza inafika mu 1972. M'January 1973 malire a pakati pa Zambia ndi Rhodesia anatsekedwa, nkhondo ya ufulu inakula kufikira Zimbabwe anadzilamulira mu 1980, ndipo ngakhale njira itatseguka, ku Harare kunali zii. M'mudzi anayamba kuwachula dzina lija lopweteka, lakuti mchona. Agogo okha ndiwo anakana kulichula.

M'caka ca 2024 mvula inatithawa, monga mukumbukira, kotero kuti pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cirala cimeneco ndi tsoka la dziko lonse. M'mwezi wa June agogo anadwala cifuwa, ndipo atapezako bwino anandiitana nati, "Mdzukulu wanga, iwe uli ndi malipiro, uli ndi chuthi, ndipo mapepala uwadziwa. Ine masiku anga acepa. Pita ukaone ngati alongo anga ali moyo. Ngati anatisiya, ukaone pamene anagona, ukandiuze amene anawaika. Ndipo ukafunse ngati anali kutichula." Ndisaname, mtima wanga unakana poyamba. Ndalama ya cilimba cathu ca aphunzitsi asanu inali kudza kwa ine mwezi wotsatira, ndipo ndinali nditaiwerengera kale malata ndi kasola koyatsira usiku pokonza maphunziro. Ndinagona nayo nkhaniyo sabata lathunthu. Potsiriza ndinaona kuti malata adzapezeka m'sitolo caka ca mawa, koma za agogo palibe amene akanandilonjeza. Ndinakatenga pasipoti ku Chipata, ndi kukopera m'kabuku kanga keyala ya pa kalata yotsiriza ija.

Sukulu zitatsekedwa ndinakwera basi pa Katete m'banda kuca, nditanyamula kathumba ka nshawa zocepa zimene agogo anapulumutsa m'ciralaco, zikwatu ziwiri za mfutso, ndi citenje. Kucokera pa Katete kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 500, kupyola Sinda, Nyimba, mapiri a Kacholola ndi mlatho wa Luangwa, pamene amai agulitsa nsomba zouma ndi madengu. Ulendo umenewo ndinali nditauyenda kale. Cacilendo cinayamba m'mawa mwace, pamene basi ya ku Harare inapyola Kafue ndi kutsika mapiri okhotakhota kulinga ku Chirundu. Pamenepo pa Zambezi pali milatho iwiri: wakale wa Otto Beit, umene unatsegulidwa mu 1939, ndi watsopano wa 2002, umene tinaolokerapo. Kuyambira mu 2009 anchito a pa malire a maiko onse awiri akhala m'nyumba imodzi, kotero kuti munthu adinditsa cidindo cotulukira ndi colowera pa malo amodzi. Ndipo mwana wa Zambia safuna viza polowa m'Zimbabwe. Pamene cidindo cinagunda pa tsamba loyamba la pasipoti yanga, ndinakumbukira citupa cimene alongo ao a agogo anayenda naco, cimene cinali kunena za msonkho ndi za bwana wao. Anyani a pa Chirundu alibe ulemu ndi mlendo. Mmodzi anakwatula buledi wa mai amene ndinakhala naye pa mpando, ndipo tinaseka basi yonse, a ku Zambia ndi a ku Zimbabwe pamodzi.

Kutsidyako mseu ukwera mapiri kufika pa Makuti, nupyola Karoi ndi Chinhoyi, dziko la minda yaikulu ya fodya kumene anthu athu ambiri anathera mphamvu zao. Mapesi a cimanga anali ofanana ndi athu, aafupi ndi opanda kanthu, pakuti cirala cinawakantha iwonso. Tinafika m'Harare usiku, mzinda umene dzina lace linali Salisbury kufikira mu 1982, ndipo ndinagona m'basi momwemo mpaka kunaca.

Keyala yanga inali ya ku Mabvuku, komboni ya kum'mawa kwa mzinda, kumene kunali kukhala anchito ambiri a m'nyumba za Azungu. Nyumbayo ndinaipeza, nambala yace yomweyo, koma okhalamo anali anthu ena, amene analowamo zaka zambiri zapitazo, ndipo dzina limene ndinachula sanalimvepo. Ndinakhala pa mwala m'mbali mwa mseu, nshawa ziri pa miyendo, ndi kuganiza za malata anga. Ndinaimbira mlongo wanga foni kumuuza kuti ulendo wapita pacabe. Ndikali kulankhula, nkhalamba ina yaikazi imene inali kugulitsa matimati pafupi inandiyang'anitsitsa, niti m'Cinyanja comveka bwino, "Mwana iwe, kwanu nkuti?" Anzanga, mau anai amenewo sindidzawaiwala. Makolo a nkhalambayo anacokera ku Dedza. Itamva nkhani yanga inati, "Munthu wa kwathu sanali kufa wopanda bungwe la maliro. Tiye kwa alembi."

Mabungwe a maliro amenewa anawayambitsa ndi anchito ocokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique, pakuti munthu wofera kutali ndi abale ace analibe womgulira bokosi kapena womperekeza ku manda. Ali yense anali kusonkha kandalama mwezi ndi mwezi, ndipo dzina lace linali kulembedwa m'buku. Alembi amene tinawapeza anali mdzukulu wa mlembi woyamba. Anatulutsa m'kabati mabuku atatu a zikuto zolimba, odyeka m'mphepete, ndipo tinayamba kutsata maina ndi cala. Pa tsamba lina la buku laciwiri ndinaona dzina la alongo ao a agogo, mfunda wao, dzina la mudzi wathu, mfumu Kawaza, boma Fort Jameson. Pansi pace panali mizere ya ndalama zimene anasonkha, caka ndi caka, osalumpha. Ndipo kumapeto, ndi inki yofiira, caka ca imfa yao, 1994, ndi dzina la mwana wao wamkazi amene analandira cithandizo. Dzina la mwanayo linali dzina la agogo anga. Pamenepo funso lotsiriza la agogo linayankhidwa ndisanalifunse.

Maiwo akhala ku Tafara, pafupi pomwepo. Ndi asuweni a amai anga, a zaka zoposa 60, ndipo Cicewa acimva koma acilankhula modukiza. Anandilandira ndi kuomba m'manja monga acitira Ashona, nandikhazika pa mpando, nafunsa m'cinenero cao ngati ndifuna mvura. Ine ndinayang'ana kumwamba ndi kuyankha mwaulemu kuti inde amai, tonse tiifuna, caka cino yatizunza kwambiri. Ana a m'nyumbamo anagwa nako kuseka, pakuti m'Cishona liu limenelo litanthauza mvula ndiponso madzi akumwa. Kuseka kumeneko kunatithandiza, cifukwa zimene zinatsatira zinali zowawa.

Nditapereka nshawa, mfutso ndi citenje, maiwo anakhala cete nthawi yaitali, ndipo anati, "Mwananga, wabwera, zikomo. Koma pamene atate anamwalira tinalemba kalata kwanu. Tinadikira mwezi, tinadikira caka. Palibe anabwera, palibe anayankha. Tinati anthu a ku Zambia anatitaya." Ine ndinati, "Amai, kalata imeneyo sinafike. Agogo akali kudikira kufikira lero, ndipo kwathu tinali kuti ndinu amene munatitaya." Titafufuza tinapeza cifukwa cace. Keyala anaikopera m'buku la bungwe, monga eni ace anailembetsera kalekale: dzina la mudzi, sukulu ya pafupi, Fort Jameson. Koma Fort Jameson anali atasanduka Chipata, makalata a kwathu anali kudzera ku Katete, ndipo mudzi weniweniwo unali utasamukira kufupi ndi mseu, nutenga dzina la nyakwawa ina. Taonani, anzanga: mabanja awiri a mwazi umodzi anasungirana cakukhosi zaka 30 cifukwa ca mizere itatu ya pa envulopu.

Usiku umenewo anandifotokozera za moyo wao, ndipo ndinamva cinthu cimene sindinaciganizepo. Amai ao anali Mshona. Kwa Ashona mwana ndi wa kwa atate wace; kwa ife Acewa mwana ndi wa kwa amace. Motero abale a amai ao anali kuwauza kuti kwanu ndi ku Zambia, pamene mwambo wathu ukanawauza kuti kwanu ndi kwa amai anu. Ana a machona ambiri anakula cotero, opanda mudzi wokalimako kapena wokapumulako pa ukalamba. Lamulo la unzika la 2001 linaonjezapo bvuto, pakuti ambiri obadwira m'Zimbabwe, koma a makolo ocokera kunja, anayamba kuwerengedwa alendo, ndipo pa citupa ca maiwo panalembedwa cotero, ngakhale sanapondepo dziko lina. Malamulo akulu a dziko a 2013 ndiwo anawabwezera unzika wao, ndipo malamulo omwewo anaika Cicewa pakati pa zinenero 16 zobvomerezeka za dzikolo. Gule wamkulu abvinidwa m'makomboni ndi m'migodi ya kumeneko kufikira lero. Ashona amati zvigure.

Ndinafunsa cifukwa cimene atate ao sanabwerere kwao. Anati anali ophika m'nyumba ya Mzungu zaka zambiri. Bwanayo atacoka m'dzikomo anawasiyira zocepa, ndipo anatsiriza moyo wao ali alonda a usiku. Caka ciri conse anali kunena za ulendo, koma anali kuti, "Ndikafika bwanji kwa mlongo wanga cimanjamanja? Anzanga anabwerera ndi njinga ndi makina osokera." Manyazi ndiwo anawamanga, si kuiwala ai. Ndipo ine ndidziwa kuti agogo akanawalandira ngakhale atafika ndi malaya amodzi.

M'mawa mwace anapita nane ku manda a ku Mabvuku, kumene munthu alowa osayamba wapempha kwa mfumu monga kwathu. Pa mtumbira pali kacitsulo kolembedwa dzina, kamene bungwe lija linaikapo. Tinazula udzu, ndipo ndinajambula cithunzi. Madzulo ndinaimba foni ya vidiyo pa WhatsApp. Mlongo wanga anatsogolera agogo pa culu ca kuseri kwa khola, pamene pokha netiweki igwira. Amai awiri a dzina limodzi anayang'anana pa kagalasi. A ku Tafara anati, "Tete," ndiko kunena atate aakazi, ndipo agogo anati, "Mphumi iyo ndi ya alongo anga." Pamenepo anayamba kulira maliro ocedwa zaka 30, ndipo a ku Harare analandira. Zoonadi cibale ndi pfupa, siciola.

Musaganize kuti chuthi conse cinali ca misozi. Ndinakhala kumeneko masiku asanu ndi limodzi. Adzukulu a m'nyumbamo anandionetsa msika waukulu wa Mbare, ndi miyala yosanjikizana ya ku Epworth, imene cithunzi cace caoneka pa ndalama za dzikolo zaka zambiri. Ndipo ndinadya sadza, ndiyo nsima yathu yomwe yosintha dzina. Iwo anandiphunzitsa moni wa Cishona, ine ndinawaphunzitsa kusinja nshawa zotendera mfutso. Nditabwerera kwathu, a nyakwawa anauza mudzi, ndipo anthu anadzakhala pa khomo la agogo tsiku lathunthu monga ticitira pa maliro. Cithunzi ca mtumbira, cimene ndinatsukitsa pa Katete, agogo anaciika m'bokosi muja pamwamba pa makalata asanu, nati kwa ine monga amanenera akakondwa, "Amuna anga, mwagwira nchito." Malata aja akali m'sitolo, ndipo sindidandaula.

Tsopano ndifike pa cimene candiimika pano. Cimene cinandipezetsa abale anga ndi mzere umodzi umene mlembi wa bungwe, munthu amene kapena sanapyole Sitandade 3, analemba mosamala zaka zambiri zapitazo. Ndipo cimene cinatilekanitsa ndi keyala imene palibe anaikonza. M'midzi imene tiphunzitsamo muli nkhalamba zambiri zonga agogo anga, ndipo ziri kutha. Amene anali ndi zaka 15 mu 1957 ali ndi zaka zoposa 80 lero. Zikapita, maina a amene anacoka adzapita nazo, ndipo ana a ku Harare, ku Bulawayo, ku Hwange ndi ku Johannesburg akadzabwera kudzafuna kwao sadzapeza wowayankha.

Cifukwa cace ndinayesa kanthu m'kalasi langa, ndipo ndikapereka kwa inu kuti mukaweruze. Ndinagula buku limodzi la cikuto colimba. Mwana ali yense ndinamtuma kwa munthu wamkulu koposa wa pa banja pao ndi mafunso asanu: Ndani wa pfuko lathu anapita kunja kukagwira nchito? Anacoka caka citi, kapena pa nthawi ya cocitika citi? Anapita kuti, ndipo anadzera njira iti? Mfunda wace unali wotani? Mau ace otsiriza anafika liti? Ndinawalangiza kuti akagwade, akapemphe bwino, ndipo ngati mkuluyo safuna kunena asamkakamize, pakuti nkhani zina ziri ndi zironda. Mayankho tinawalemba m'bukumo m'Cinyanja, pamodzi ndi dzina lakale ndi latsopano la mudzi uli wonse, ndi la mfumu yace. Pambuyo pace tinajambula mapu pa bolodi ndi kulembapo njira zonse. Sindinaonepo ana anga akumvetsera phunziro la mbiri monga tsiku lija, pakuti m'Citaganya ndi mu msonkho, zimene kale anali kungoziloweza cifukwa ca mayeso, anapezamo agogo ao. Mtsikana wina amene sanali kutsegula pakamwa m'kalasi anabwera ndi masamba atatu, nawawerenga yekha ataimirira. Bukulo likhala m'ofesi ya aphunzitsi akulu, kuti ine ndikadzasamutsidwa lidzatsale pa sukulu.

Makolo anati mau a akulu akoma akagonera. Koma agonera pokhapo ngati wina anawasunga. Ndipempha kuti sukulu iri yonse ya cigawo cathu ikhale ndi buku lotere isanathe temu ikudzayi. Ndipo kwa anzanga acinyamata ndinena kuti, ngati pa nyumba panu pali nkhalamba imene iri ndi funso, musadikire kuti muyambe mwalemera, monga anadikirira mchona wathu. Pitani ndi nshawa zimene muli nazo.